Dzina la Dorika Patsamba Lachiwiri

M'chaka cha 1985, Dorika, mwana wa a Dominiko a ku Kasina, adakhoza bwino mayeso a Fomu 4. Zitamveka kuti maina a osankhidwa kupita ku yunivesite atuluka, iye ndi bambo ake adalawirira wapansi kupita pa Linthipe, kwa mwini golosale wina yemwe ankalandira nyuzipepala.

Dorika adatsata mainawo ndi chala pansi pa mutu woti Chancellor, koleji ya ku Zomba yomwe ankailakalaka. Adabwereza katatu, koma lake panalibe. A Dominiko adangoona nkhope ya mwana wawo, nakhala pansi pakhonde la golosaleyo.

Ali pomwepo padatulukira a Ignasio, mphunzitsi wa sekondale wa kwawo komweko, akukankha njinga. Atamva zomwe zachitika, adapempha nyuzipepalayo. Adati yunivesite si malo amodzi ayi. Iwo adali m'gulu loyamba kulowa yunivesiteyo mu 1965, ophunzira asanakwane n'komwe zana, ku Chichiri mu Blantyre, koleji ya Chancellor isanasamukire ku Zomba. Koma tsopano kunalinso ya zaumisiri ku Blantyre, ya unamwino ku Lilongwe, ndi ya zaulimi ku Bunda. Adatembenuza tsamba, nalifunyulula pachishalo cha njinga.

"Dorika, tawerenga apa," adatero a Ignasio.

Dzina lake linali lachitatu kuchokera pansi, pa maina a ku Bunda. Mpamene adakumbukira kuti polemba fomu adaikanso kolejiyi, pongofuna kudzaza mzere. Adakhala pansi pambali pa bambo ake, misozi ili mbwembwembwe.

A Dominiko adapumira m'mwamba, koma kenaka adafunsa chapansipansi: "Aphunzitsi, sukulu yonseyi, mwanayu akaphunzirenso kugwira khasu?"

A Ignasio adaseka. Adawauza kuti kumeneko amapima nthaka, amafufuza matenda a mbewu ndi ziweto, ndiponso amaphunzira za kadyedwe ka m'banja. Omaliza amakalangiza alimi a boma lathunthu. Adawonjeza kuti Bunda ndi cha ku Mitundu, osati kutali ngati Zomba. Wonyamuka m'mawa amafika dzuwa lisanapendeke.

Apa mtima wa a Dominiko udakhala pansi. Adawagwira chanza a Ignasio ndi manja awiri.

Pobwerera, Dorika ankayenda mothamanga kuti akauze amayi ake, mpaka bambo ake adamufuulira kuti awadikire pamlatho.