Makaroni a Tchizi a Bilidala

Bilidala anali atamanga nyumba zosawerengeka, koma poto ankamuopa ngati wapolisi. Tsono mwana wake wamkazi atatuluka m'chipatala, anayamba kukana chakudya chilichonse. Nesi anali atanena mosapsatira mawu kuti akapanda kudya abwerera pabedi lomwelo, diripi kumkono. Mayi a mwanayo anali kuntchito kutali, sakanatha kufika msanga.

"Ndikufuna makaroni a tchizi," kanatero kamwanako, nkhope ili kukhoma. "Ophika amayi aja."

Bamboyo anathamangira kusitolo n'kubwerako ndi makaroni, mkaka, batala, ufa watirigu ndi chibenthu cha tchizi. Zolowamo ankazidziwa, poti ankaziona patebulo mkazi wake akamaphika. Njira yake ndiye mdima. Choncho anachita zimene manja ake anazolowera: anaunjika ufa m'poto, nakumba dzenje pakati, nakhuthuliramo mkaka wonse monga achitira ndi simenti. Atateleka pamoto, munatuluka mibulu yokhayokha.

Apa n'kuti mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, akulowa kudzaona wodwala. Anasuzumira m'potomo n'kuphulika nako kuseka.

"Alamu, mukuphika kapena mukuthira maziko?"

"Sekani tsiku lina, mlamu. Mwana sakudya."

Kuseka kunathera pomwepo. Koma mlamuyo mthiko sanalande. "Tayani zimenezo. Manja akhala anu omwewo, ine ndingoyankhula."

Anayambiranso. Makaroni akuwira pambali, Bilidala anasungunula batala pamoto wochepa, nathiramo ufa pang'ono, natakasa mpaka m'khitchini munamveka kafungo ka bisiketi. Kenaka mlamu anati athire mkaka, kadontho chabe. Mkaka uja utangogwa, zonse zinagwirana n'kukhala chimbulu chimodzi chonyansa.

"Zaonongekanso!"

"Takasani, inu! Onjezerani pang'ono. Takasani."

Anatakasa, mtima uli m'mwamba. Anathiranso mkaka, natakasanso. Ndipo iye akuona ndi maso ake, chimbulu chija chinayamba kumasuka, kufewa, kusalala, mpaka m'poto monse munangoti mbee, osaona kambulu ngakhale kamodzi. Mlamu anamuuza aphule kaye asanathire tchizi, ati moto ukachuluka tchizi amakwiya n'kulira mafuta. Bilidala anawaza tchizi wopala uja ndipo anasungunuka mwakachetechete, msuzi n'kusanduka wachikasu, wonyezimira. Atatukula mthiko, msuziwo unayenderera osaduka.

Munthu wamkulu anangoti kukamwa yasa. Anachita mantha ndithu, mantha a munthu amene wapeza chinthu chachikulu m'nyumba mwake momwe. Kodi mkazi wake ankachita zimenezi masiku onse aja, foni ili kukhutu, mwana akumukoka siketi? Ndipo iye ankangofika, kusamba m'manja, kumeza, n'kufunsa ngati madzi osamba atentha.

"Tsekani pakamwa, alamu, mugweramo ntchentche."

Anasakaniza msuziwo ndi makaroni, nawaza tchizi wina pamwamba, naika mu uvuni. Sanachoke. Anagwada pagalasi la uvuniyo kuonerera pamwamba pakutuwa, kenaka kufiirira, m'mbali mukubwata.

Anapakula m'kambale kakang'ono, nalowa nako kuchipinda akupemerera ndi pakamwa. Kamwanako kanatembenuka, kanunkhiza, kanayang'ana mbale, kanayang'ananso bambo ake. Kanatapa ndi supuni, tchizi n'kutamuka mpaka kuchibwano. Maso a Bilidala anali pakhosi pa mwanayo mpaka pamene anaona kuti wameza.

"Si a amayi awa," kanatero. "Amayi sathira mchere wambiri chonchi."

Bamboyo anagwa mphwayi. Anatambasula dzanja kuti atenge mbaleyo.

"Pepa mwanawe. Bweretsa ndikachotse."

Kamwanako kanakumbatira mbale ija pachifuwa ndi mkono wake wowonda, n'kutapanso supuni ina.

"Ayi, adadi. Kodi atsalako m'poto?"