Mawira a ku Bath

Mwana wanga Etta, yemwe ndi namwino ku Croydon, amati m'mapazi mwanga muli nyerere. Sanama. Ndinagwirapo ntchito ku Hwange, ku Beira ndi ku Joni, ndipo ukalamba utandipeza ku London sunandichotse khalidweli. Iye akapita ku ntchito, ine ndimakwera chilichonse choyenda n'kumamvetsera za eni ake.

Loweruka lina mu Okutobala 2004 ndinali pa siteshoni ya Paddington, kungoonerera sitima, pamene ndinamva mayi wina akukalipa m'Chichewa.

"Bwezani mwendowo pachitsulo, bambo a Melissa. Mukufuna uthyoke?"

"Ukathyoka ndimva ngati? Suja unafa kale," anayankha bambo amene anali pa chikuku. Mawu ankatuluka molemera, ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

Ndinapita kukawalonjera. Mayiyo anali Winfrida, wamfupi, atakoleka chikwama chachikulu paphewa. Mwamuna wake, Killian, anali chimunthu chazaka ngati makumi asanu, mbali yakumanzere yonse itagwa. Ankapita ku Bath, ndipo mbale wa kutchalitchi amene analonjeza kuwaperekeza sanabwere. Winfrida anayang'ana tikiti yotsalayo, kenako anayang'ana mikono yanga.

"Kukankha mungathe, achikulire?"

"Ndinakankhapo ngolo za malasha, mayi."

"Mwapeza malasha ena," anatero Killian.

M'sitima ndinamva nkhani yawo. Killian ankayendetsa basi, mpaka sitiroko inamugwetsa mu Febuluwale. Ankakhala ku Wembley, pa fulati ya pamwamba yopanda chikepe. Winfrida ankagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba: tsiku lonse kunyamula makolo a eni, pobwera kudzanyamula mwamuna. Kawiri konse anagwera limodzi m'bafa. Tsopano mayi wa ku khansolo anali atasiya fomu yoti Winfrida asaine. Malo a Killian anapezeka ku homu ina yosungirako okalamba, ndipo yankho linkafunika Lolemba. Killian akanatha kuima yekha n'kuponda mapazi angapo, nkhani ya homuyo ikanatha.

"Ndinamuuza kuti asasaine ndisanasambe mawira," anatero Killian. "Mukuwadziwa mawira a kwathu ku Nkhotakota, akasupe a madzi otentha aja? Malume anga anawatengera kumeneko pa njinga, miyendo ili ngati mitondo. Masiku atatu, anabwerera akupalasa okha. Wolowa amamira mpaka m'khosi, ndipo potuluka sadzipukuta. Madziwo amauma okha pathupi."

Mnzake wa ku mabasi ndiye anamuuza kale kuti ku Bath madzi amatuluka pansi akuwira. Winfrida anatsegula chikwama kundionetsa: fulasiki ya tiyi, buledi, zitenje ziwiri, sopo, kabudula wosambira, ndi mwala wokwechera mapazi.

"Koma kaya mbali ya amuna ndi ya akazi anazisiyanitsa bwanji," anatero. "Mukalowa nawo ndinu, achikulire. Ine ndidikira kunja."

Titafika tinaima pamzere pamodzi ndi alendo okhala ndi makamera. M'kati munali dziwe lalikulu lozunguliridwa ndi nsanamira zamiyala, madzi ake obiriwira, nthunzi ikufuka. Killian ananunkhiza, diso lake lamoyo likuwala.

"Ndi omwewa. Fungo lake ndi lomweli. Wini, ndivule nsapato."

Ine ndinali nditaona kale kuti panalibe ndi mmodzi yemwe wovula. Aliyense anavala jekete, atagwirira kukhutu kachipangizo kofotokoza mbiri ya malowo. Winfrida atagwada kumasula zingwe za nsapato, mtsikana wogwira ntchito pamalopo anabwera. Analankhula mwaulemu ndithu. Anati madziwo sasamba, ngakhale kuwakhudza saloledwa, chifukwa angadwalitse munthu. Malo atsopano osambira anali akumangidwa, koma anali asanatsegulidwe. Ngati tikufuna, m'chipinda chodyera chapafupi tikhoza kumwako tambula ya madzi abwino ochokera pa kasupe yemweyo.

"Akuti chani mwanayu?" anafunsa Killian, ngakhale Chingelezi ankachimva kuposa ine.

"Akuti ndi oonera," anatero Winfrida.

"Madzi oonera?"

Winfrida anamanganso zingwe zija.

M'chipinda chodyeramo anthu ankamwa tiyi pa matebulo oyalidwa nsalu zoyera, wina akuimba piyano. Tinatenga matambula atatu, aliyense yake. Winfrida anali atataya tiyi wa m'fulasiki kuchimbudzi, ndipo anaima kuseri kwa chikuku n'kuthiramo madziwo, tambula imodziimodzi. Tinabwereza kachiwiri. Bambo wotunga madziwo anandiuza kuti sanaonepo munthu wowakonda chotere.

Tinatsikira ku paki ya m'mphepete mwa mtsinje. Maluwa anali atayamba kufota, ndipo anthu awiri ankazula ena n'kumaponya mu wilibala. Pa kapinga panali mipando yansalu, yambiri yopanda anthu. Mphepo inkachokera kumtsinje. Tinaimika chikuku kuseri kwa tchire lodulidwa bwino, ndipo Winfrida anakwinya buluku la mwamuna wake mpaka pa bondo, n'kumuvula sokosi. Mwendowo unali wowonda kuposa unzake, khungu lotuwa.

"Thira pang'onopang'ono," anatero Killian. "Yambira pamwamba."

Anathira, akusisita ndi dzanja. Madzi a matambula asanu ndi imodzi sachedwa kutha. Otsalira pansi pa fulasiki anawathira pa mkono. Kenako anatenga chitenje.

"Usapukute."

"Kukuzizira, bambo a Melissa."

"Ndati usapukute."

Tinadikira. Nthunzi inatha msanga, ndipo posakhalitsa munthu yense anayamba kunjenjemera, mano akugundana. Pofuna kutaya nthawi ndinayamba nkhani ya m'Shangani wina wa ku Hwange amene anachira msana atagwidwa ndi magetsi. Killian anandidula.

"Madala, nkhani zanu mukazinene ku maliro. Gwirani chikukuchi chisayende. Iwe Wini, choka kutsogoloko. Wina asandigwire."

Anaponda phazi lamoyo pa kapinga, nakanikiza dzanja lamanja pa chikuku. Mitsempha ya m'khosi inatupa. Anadzuka ndithu. Ndinamuona ataima, wamtali kundiposa, ndipo ndinawerenga mumtima kufika pa zitatu. Kenako anafuna kusuntha mwendo wonyowawo. Sunamve. Anagwa chammbali, nkhope m'dothi lomwe anthu aja anali atangozulamo maluwa.

Mayi wina wachizungu amene ankayenda ndi galu anathamangira kudzafunsa ngati aitane ambulansi. Winfrida anamuthokoza nakana. Anagwada, nalowetsa mikono m'khwapa mwa mwamuna wake monga amachitira ku ntchito, nandiuza pogwira. Pomukweza ndinamva mayiyo akubuula ndi msana, mawu amene anafuna kuwameza koma anatuluka. Killian nayenso anawamva.

Tinamukhazika pa chikuku. Winfrida anamuchotsa dothi pamlomo, namuveka sokosi. Ulendo uno sanamuletse kupukuta.

"Achikulire," anatero Killian, "dzina lanu lenileni ndani?"

"Jailos."

"A Jailos, mwaona ndi maso anu. Kwathu akamva kuti ndili ku homu, adzati mkaziyu wataya mwamuna kudzala, wapeza wina. Ndikuwadziwa abale anga. Ankhoswe athu ali kutali, ndiye mboni mukhala inuyo. Ndine ndamuuza kuti asaine. Mwamva? Ine, ndi pakamwa panga pokhotapa."

"Ndamva."

"Wini, uwapatse nambala ya achimwene. Awaimbire okha."

Winfrida analemba nambalayo pamodzi ndi yake kuseri kwa tikiti yolowera m'paki. Sanalire. Anangofunsa ngati tikufuna buledi, popeza tiyi panalibe.

M'sitima yobwerera Killian anagona. Tikuyandikira London, Winfrida anandiuza motsitsa mawu, maso ali pawindo, kuti homuyo ankaidziwa bwino. Mnzake ankagwirako. Anati si yoipa, koma wamng'ono pa onse okhalamo anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu, ndipo chakudya chamadzulo amapereka dzuwa likadalipo.

"Adzacheza ndi ndani munthu wapakamwa ngati ameneyu?" anatero.

Ndinawaperekeza mpaka ku Wembley. Anansi awiri a ku Ghana anatsika kudzamunyamula pa masitepe, ine ndikutsatira ndi chikuku.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinagula khadi la foni n'kuimba ku Nkhotakota. Anayankha Henderson, mkulu wake wa Killian. Ndinadzitchula dzina ndi kwathu, kenako ndinafotokoza zonse mwa dongosolo lake, osawonjezera kanthu: ulendo, madzi, kugwa, ndi mawu amene mng'ono wake anandituma. Anamvetsera osandidula. Kumbuyo kwake kunkamveka wailesi.

"Mwatha, bambo?" anafunsa.

"Ndatha."

"Inuyo pa banja lathu ndinu ndani?"

Ndinati sindine kanthu, ndinangokumana nawo pa siteshoni.

"Ndiye mlamu wathuyo wafika potola nkhalamba pa siteshoni kuti zimuikire umboni. Mumuuze kuti tamva."

Foni inaduka. Ndinaimbira Winfrida kumuuza, mawu ndi mawu, chifukwa mboni sisankha zonena. Iye anangondifunsa ngati Lachitatu ndili ndi kopita. Galimoto ya ku homu inkabwera nthawi ya teni, ndipo mmodzi wa anansi aja anali pa shifiti.