Sitikufuna Filingi pa Glenview

A Fintan Hegarty anali pakati pa zolankhula zawo pamene akazi awo, a Philomena, anawapempha kuti asunthe chifukwa anali atatsekereza uvuni. Anasuntha osasiya kuwerenga. Ankayeserera mawu oti akanene pamsonkhano wa Lachinayi, ndipo omvera awo m'khitchinimo anali akazi awowo ndi ketulo basi.

Nkhani yake inali ya filingi siteshoni. Kampani ina ya mafuta inali itapempha khonsolo kuti iilole kuika mapampu ndi kagolosale pachibwalo chopanda kanthu chomwe chinali kuseri kwa mpanda wa a Hegarty, kumapeto kwa msewu wa Glenview, kunja kwa mzinda wa Cork.

"Pandime iyi ndikufuna anthu agwetse misozi," anatero a Fintan. "Ndikunena za malo obiriwira amene ana athu anakulirapo."

"Ana athu munkawakalipira akapondako," anayankha a Philomena akutulutsa masikono. "Munkati kuli mabotolo osweka ndi makoswe."

"Makoswewo ndi chilengedwenso."

A Fintan anayendetsa mabasi a mumzinda moyo wawo wonse, ndipo atapuma pantchito anasowa chogwira. Ana awo awiri anali kutali, wina ku Australia wina ku Canada, moti m'nyumbamo munalibe wina woti azimuyang'anira kupatula a Philomena. Anawasinthira malo a mbale m'kabati. Anawaphunzitsa kayanikidwe ka zovala, ngati kuti zaka zonsezo zovalazo zinkadziyanika zokha. Mayiwo akati akwere m'chipinda cham'mwamba, ankamva mapazi akuwatsata pamasitepe. Choncho tsiku limene chikwangwani cha kampani chinazikidwa pachibwalopo, a Fintan n'kumeta ndevu, kuvala tayi, n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo, a Philomena anakayatsa kandulo kutchalitchi kuthokoza Mulungu.

Komiti yokana filingiyo inkakumana pabalaza pa a Hegarty. A Fintan anadzisankha okha kukhala wapampando anthu asanamalize kuvula majekete. Mlembi anali a Noreen Twomey, mphunzitsi wopuma pantchito, amene ankalankhula ndi munthu aliyense ngati wachedwa kukalasi. Aliyense anali ndi chake chokanira. Ena ankaopa fungo la petulo, ena magetsi owala usiku wonse, ena ankati nyumba zawo zidzagwa mtengo. A Mossie Deasy ankati malole adzadwalitsa galu wawo matenda a mtima, koma onse ankadziwa kuti madalawa chinkawabweretsa ndi masikono. A Noreen atamva kuti lamulo limateteza mileme, kwa sabata yathunthu nkhalamba za pa Glenview zinkaima pachibwalopo dzuwa likamalowa, makosi ali m'mwamba. Sizinaone mleme ngakhale umodzi. Chimene zinabwerako nacho ndi chimfine.

Koma panali chinthu chimodzi chimene a wapampandowo sankachidziwa. Masana ena, iwo atapita kukasainitsa anthu chikalata chokana, a Philomena anaona bambo wa kukampani ija, a Colm Lacey, akuyeza malowo mvula ikuwakuntha. Chifundo chinawagwira, ndipo anawapatsira tiyi ndi sikono pamwamba pa mpanda. A Lacey atalawa anafunsa kumene amagula masikono otere. Atamva kuti mayiwo ankagwira ntchito yophika buledi asanakwatiwe, anawauza kuti kagolosaleko kadzafuna munthu wophika m'mawa uliwonse, ndipo ngati angakonde, malowo ndi awo. A Philomena anati akaganize kaye. Anamaliza kuganizako asanafike pakhomo la khitchini.

Anayesa kangapo kuwauza amuna awo. Akati ayambe, a Fintan ankakweza dzanja ngati akuimitsa galimoto, n'kunena kuti nkhani zonse za pakhomo zidikire Lachinayi lidutse. Mayiwo anangoti chabwino.

Lachinayi madzulo holo ya paparishi inadzaza. Panabwera makhansala awiri, bambo mfumu, ndi anthu ena oti sanatulukepo m'nyumba zawo chiyambire nyengo yozizira. A Lacey anaonetsa zithunzi za mmene filingiyo idzaonekere: mitengo italiitali mozungulira, maluwa, ana akuseka atagwira ayisikilimu. Mapampuwo ankachita kuwasakasaka pachithunzipo. A Fintan ataimirira anayamba n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo anthu anawomba m'manja. Kuwombako kunawalowa m'mutu. Analankhula za utsi, za moto, za malole, za achinyamata obwera kudzagula zakumwa usiku, mpaka khansala mmodzi anayamba kusinza. Atafika pa ana okulira pamalo obiriwira palibe amene analira, ndipo a Fintan anaona kuti pakufunika mboni.

"Musamve za ine," anatero. "Chipinda chathu chogona chinayang'anizana ndi malo amenewa. Akazi anga ali apa, munthu wovutika kupeza tulo. Amayi, taimirirani muwauze anthuwa chimene phokoso lidzakuchiteni."

A Philomena anapukusa mutu pang'ono, koma amuna awo anali atawabweretsera kale chimkuzamawu. Anaimirira, n'kukonza sikafu yawo.

"Bambo wapampando," anatero mwaulemu, "phokoso limene limandisowetsa tulo ine si la galimoto. Ndakhala ndikugona nalo bedi limodzi chikwatiwireni."

Holo yonse inaphulika ndi phwete. Khansala uja anadzidzimuka n'kuwomba m'manja osadziwa chomwe akuwombera. A Fintan anaseka nawo monyinyirika n'kutambasula dzanja kuti alandire chimkuzamawu chija, koma mayiwo sanachipereke.

"Popeza mwandiimiritsa, ndingonena zonse. Filingiyo ikamangidwa, ine ndikagwirako ntchito. A Lacey awa anandilonjeza yophika, ndipo ndinavomera."

A Lacey anawerama n'kumayang'ana nsapato zawo. A Noreen anaika cholembera pansi, n'kunena mokweza kuti komiti yakhala ikudya m'manja mwa mdani. Kenako a Mossie anakweza dzanja n'kufunsa ngati masikono a kufilingiwo adzakhale omwewa a zoumba zamphesa, pakuti ngati ndi choncho, galu wawo akhoza kuzolowera malole. Msonkhano unathera pomwepo, ngakhale kuti bambo mfumu anayesa kuutseka ndi pemphero.

Kwa masiku angapo a Fintan ankagona m'chipinda cha mwana wawo wamwamuna, mapazi akutulukira kunsi kwa bedi. Ankadya nyemba za m'chitini ataimirira, kusonyeza kuti munthu akhoza kukhala moyo popanda mkazi. Pamsewu anthu ankawapatsa moni mwachifundo ngati anamfedwa, ndipo ena akangodutsana nawo ankayamba kuliza mkonono wabodza. Zimenezi zinkawapweteka kuposa mmene ankaonetsera. Kwa nthawi yoyamba chipumireni pantchito anali atakhalanso munthu woti anthu azimumvera, ndipo wowagwetsa anali wa m'nyumba mwawo momwe.

Lamlungu atabwera ku Misa, anapeza a Philomena akusenda mbatatesi, ndipo anafunsa ali chiimire chifukwa chake anawachititsa manyazi pagulu. Mayiwo anawakumbutsa kuti iwo sanapemphe chimkuzamawu, ndiponso kuti anauzidwa kudikira Lachinayi.

"Koma ntchito, pamsinkhu wanuwu? Mukusowa chiyani m'nyumba muno?"

"Anthu," anayankha a Philomena. "Inu munapeza komiti. Ine ndinapeza chiyani? Kuphikira anthu obwera kudzamva inu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, a Fintan. Ndikufuna malo oti munthu azindifunsa kuti mwadzuka bwanji, osati kuti supuni zija mwaziikanso kuti."

A Fintan anakhala pansi pafupi nawo. Anatenga mpeni wina n'kuyamba kusenda nawo. Ankasenda mokhuthala kwambiri moti theka la mbatatesi linkapita ndi makoko, koma akazi awo sanawadzudzule. Usiku umenewo anabwerera kuchipinda chawo.

Mwezi wotsatira khonsolo inayankha: pempho la kampani lakanidwa. Chifukwa chake chinali chakuti polowera filingiyo pakanakhala pafupi kwambiri ndi mphambano yomwe ana asukulu amawolokera. Za utsi, za mileme ndi za galu wa a Mossie sizinatchulidwe n'komwe. Izi sizinalepheretse a Fintan kunyamulidwa m'mwamba kubala ya pakona, ngakhale kuti onyamulawo anali ndi misana yovuta ndipo anawatsitsa asanafike patali. A Noreen anawakhululukira pa zimene akazi awo anachita. Anthu anaimba, anamwa, n'kulonjezana kuti umodzi umenewu usathe.

Unatha sabata yomweyo. Zikwangwani zinachotsedwa m'mawindo, aliyense anabwerera m'nyumba mwake n'kutseka chitseko. Tayi ija inabwerera m'kabati. A Fintan ankaima pawindo lam'mwamba kuyang'ana chibwalo chomwe anachipulumutsa: lunguzi, matayala akale, ndi matiresi amene wina anadzataya chigamulo chitangotuluka. Chimene chinkawavuta kwambiri chinali kukhala chete kwa a Philomena. Mayiwo sanawanene, sanadandaule. Anangosiya kuphika, ndipo uvuni unazizira.

Kenako a Lacey anaimba foni. Anati kampaniyo ili ndi filingi ina kutsidya la mzinda, ndipo wophika wa kumeneko wasiya ntchito. A Philomena anavomera foni isanadulidwe. Anauza amuna awo kuti azikwera mabasi awiri m'mamawa. A Fintan, amene ankadziwa misewuyo ngati chikhatho chawo, anati mabasi awiriwo sakumana, ndipo madalaivala a masiku ano sadikira munthu ngakhale akumuona akuthamanga. Anatsokomola, n'kunena kuti aziwaperekeza okha pagalimoto, osati chifukwa chogwirizana nazo, koma kuti anthu asati a Hegarty alephera kusamala mkazi.

"Walira mvula walira matope," anatero a Philomena. "Mukanailola filingi ya kuseri kwathu ija, bwenzi ndikungodutsa pampanda."

Masiku oyambirira a Fintan ankaimika galimoto kumapeto kwa bwalo la filingiyo, itayang'ana kukhoma, n'kumawerenga nyuzipepala chipewa atachitsitsira kumaso. Kubwerera kunyumba kunali kutali, ndiponso kunyumbako kunalibe chowadikira. Kutazizira kwambiri analowa m'kagolosalemo, akuti kukangoona ngati zozimitsira moto zili m'malo mwake. Pakona panali tebulo pomwe pankakhala madalaivala a matakisi ndi nkhalamba zina zomwe zinkakangana za mpira, ndipo mmodzi mwa iwo anali mnzawo wakale wa kumabasi. Ali patebulopo ankaona akazi awo atavala epuloni yoyera, akuseka ndi makasitomala, akuitana ena ndi mayina awo. Anali asanawamve akuseka choncho kwa zaka zambiri.

Chimene sanathe kuchipirira ndi chipwirikiti cha pamapampu. M'mawa uliwonse magalimoto ankalowa mosalongosoka, ena kutsekereza anzawo, ena kuima mbali yomwe kulibe chitseko cha thanki, mahutala ali pii pii. Munthu amene anayendetsa basi m'tinjira ta Cork sakanangokhala n'kumaonerera. Tsiku lina anasiya tiyi wawo n'kutuluka. Manijala anayesa kuwaletsa, koma ataona kuti mzere ukuyenda, anawabwereka jekete yowala ya ogwira ntchito pamapampu kuti asagundidwe.

Anali ali m'jekete imeneyo, mkono wina uli m'mwamba wina ukukodola, pamene kagalimoto kofiira kanaima pafupi ndi mawondo awo. Galasi linatsika pang'onopang'ono. Anali a Noreen Twomey, akuchokera kuchipatala cha maso. Anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, ngati akufuna kutsimikiza kuti dokotala sanawawonongere maso.

"A wapampando," anatero.

A Fintan anayang'ana kukagolosale. A Philomena anali pawindo, atagwira thireyi, akuona zonse. Kumbuyo kwa a Noreen lole ya mkaka inali itayamba kale kuliza hutala.

"Pampu yachiwiriyo ndiyo ilibe munthu, mayi mlembi," anatero a Fintan. "Sunthirani kutsogolo pang'ono, mwatsekereza anzanu."

A Noreen anakweza galasi lawo, n'kusunthira kutsogolo.