Khutu la a Beeran ndi Mlandu wa Amalonda

Panali patatsala masiku asanu kuti Sajna akwatiwe, koma bambo ake, a Beeran, sankamva ngakhale hutala ya basi. Mumzinda wawo wa Kozhikode, tsiku lomanga ukwati bambo amagwira dzanja la mkamwini, n'kupereka mwana, n'kudzimvera yekha mnyamatayo akuvomera. Nanga wosamva apereka bwanji?

Kunjalavi, mng'ono wawo, mtima sunali m'malo. Munthu woti anayamba ndi kusenza makatoni ku Dubai, lero ali ndi mashopu atatu, angagonje ndi khutu? Anathamangira kumsika n'kugula kachipangizo kothandiza kumva kwa wogulitsa mawotchi.

"Achimwene, aka ndi ka ku Germany! Mumva ngakhale nyerere ikutsokomola!"

Atangokavala kanalira kuti tswiii! A Beeran anakazula misozi ili chuchuchu.

"Iwe, ukufuna kundipha ukwati usanafike?"

Phokosolo linafika kwa a Thankamma, anansi awo amene anapuma ntchito yaukalaliki kukhoti. Anabwera kapu ya tiyi ili m'manja.

"Bwana Dubai, anawayeza ndani makutuwa?"

"Kuyeza chiyani, achemwali? Ine ndayenda! Muscat, Doha, konseko. Ndipo wogulitsayo wati lamulo loti wogulitsa tizipangizoti akhale ndi chiphaso linatha, amalonda analitengera kukhoti."

"Anakuonetsa chiletso cha khoti?"

Kunjalavi anayamba kuzungulirazungulira pakhonde.

"Mlanduwo ulikodi," anatero mayiwo. "Amalonda akuti lamulo likuwaphera bizinesi, ndipo kudandaula ndi ufulu wawo. Koma kusuma si kuwina. Khoti lisanaike chiletso kapena kugamula, lamulo limagwirabe ntchito. Pita nawo achimwene akowa kwa katswiri woyeza makutu, ndipo uone chiphaso chake pakhoma."

"Masiku asanu okha! Mpunga wophikira biriyani, chakudya cha paukwati, tagula kale!"

"Ndiye ukudikira chiyani? Ndege?"

Masana omwewo anali kuchipatala, Kunjalavi akungodzukadzuka pabenchi. Katswiriyo anapeza kuti khutu lakumanja linangotsekeka ndi litsiro louma, ndipo analitsuka. Lakumanzere ndilo linkafuna kachipangizo kochunidwa molingana ndi kumva kwawo, ndipo anawaveka. Anati kakumsika kaja kakanawononga kumva komwe kunatsala.

Tsiku la ukwati a Beeran anagwira dzanja la mkamwini. Mnyamatayo, chifukwa cha mantha, anavomera chapansipansi. Kunjalavi anasendera pafupi kuti aone ngati achimwene ake amva.

"Ndamva, mwana wanga," anatero a Beeran, akufinya dzanjalo.

Pachakudya Kunjalavi anali atayamba kale kuuza alendo kuti nzeru yopita kwa katswiri inali yake.

"Tsitsa mawu, iwe," anatero a Beeran. "Masiku ano mabodza ako ndikumawamva."

Musagule kachipangizo kam'khutu musanayezedwe ndi katswiri wokhala ndi chiphaso. Ndipo wina akakuuzani kuti lamulo lili kukhoti, mufunseni akuonetseni chiletso. Ngati palibe, lamulolo likadali moyo.