Miyendo ya Tomekichi

Chidole chimodzi, ochiyendetsa amuna atatu, onsewo a m'nyumba mwanga. Mtendere uchokera kuti?

Mwana wanga wamkulu Genzo ndiye omozukai, wogwira mutu ndi dzanja lamanja. Wa dzanja lamanzere timati hidari. Wa miyendo ndi ashi, uja amangonjuta kumbuyo atadziphimba kumaso ndi nsalu yakuda. Mwambo umati zaka khumi pa miyendo, kenako ukwere. Chitsirizira wanga Tomekichi wanjuta zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, msana mpaka kupindika ngati chikwakwa.

Ndiye hidari wathu wokalamba atamwalira, Genzo anapereka dzanjalo kwa mkamwini wake Norio, wogulitsa matayala, wobwera dzana lomweli. Anazinena tikudya.

"Achimwene, ine ndidzafere kunsi kwa matako a chidole?" anatero Tomekichi.

"Miyendo palibe angakupose, Tome."

"Chabwino. Chikondwerero cha kukachisi chikatha, ine wa ku Osaka."

Ndewu ndimaikonda, koma iyi inandiwawa. Tome akachoka azinditenthetsera madzi osamba ndani? Shizue, mkazi wa Genzo, amene msuzi wake wa soya, uja timati miso, umakoma ngati madzi otsukira mbale?

M'mawa mwake onse ali kumunda ndinatsegula bokosi, n'kutenga kashira, mutu wa chidole cha msilikali umene anasema agogo awo, n'kuukwirira m'nkhokwe ya mpunga kukhitchini. Masiku atatu nyumba inatembenuzidwa. Genzo anatukwana Norio, Norio analoza Shizue, Shizue analira. Ine ndikungopsontha tiyi wanga.

Tsiku lachitatu Genzo anandigwadira.

"Amayi, kashira ili kuti?"

"Ine sukulu sindinapiteko, mawu akuluakuluwo sindiwadziwa."

"Amayi, chikondwerero ndi mawa!"

"Ndiye mng'ono wako agwira chiyani mawa?"

Anayang'ana kudenga, kutulutsa mpweya. "Dzanja lamanzere."

"Kafukule m'nkhokwe ya mpunga, mwina upezamo kanthu."

Masana a chikondwerero ndinakhala patsogolo penipeni, pafupi ndi Okiku, mdani wanga wa kuyambira utsikana, kuti aone bwino mwana wanga ataimirira ngati munthu. Woimba anayamba, shamisen, bangwe wathu wa zingwe zitatu, inalira, msilikali anatulukira. Mutu wonyada, dzanja la Tome lokongola. Koma miyendo, mayo! Norio ankangoilendeweretsa ngati masokosi pachingwe. Pamene msilikali ayenera kuponda mwaukali, ashi amamenya thabwa ndi phazi lake. Norio anamenya woimba atadutsa kale. Anthu anaseka. Okiku anachita kutulutsa mano ake oikirira.

"Msilikali wa kwanu wamwa mowa wa sake m'mamawa?" anandigunyuza.

Ndinaona nsalu yakumaso kwa Tome ikutembenukira pansi, kamodzi, kawiri. Mumtima ndinati iwe chitsiru, usayerekeze. Anayerekeza. Anakankhira Norio ndodo ya dzanja, iye n'kunjuta pamalo ake akale. Du! Du! Msilikali anaponda mpaka fumbi. Anthu anawomba m'manja, ndi Okiku yemwe.

Kunyumba ndinamupeza Tome akusonkhezera moto wa madzi osamba.

"Iwe, mutu uja ndinaubisira yani?"

"Amayi, simunaone? Amayenda ngati bakha. Sindikanapirira."

"Nanga ku Osaka?"

"Ndikapita, miyendo agwire ndani?"

Madzi anga ofunda ndili nawobe, inde. Koma Genzo tsopano amadutsa ataumitsa khosi, Norio akudzitcha hidari mpaka kusitolo ya matayala, ndipo Shizue akuuza mudzi wonse kuti apongozi ake anamudyetsa mpunga wa tsitsi la chidole. Ndewu yabwino choncho, ya masiku atatu, kuitayira munthu amene anabadwira kunjuta.