Batire Linali Lodzaza

Chidwalireni sitiroko, bambo anga sanatulukepo pageti. Mwendo wakumanzere ankaukoka, dzanja linkangolendewera, ndipo ankati iwo sangakhale chionetsero cha anthu a mumsewu. Ine ndinasiya kwanga kudzawasamalira, ndikuyesa kuti n'za masabata ochepa. Nyengo zinasinthana ndili pompo, kuchapa, kuphika, kuwamwetsa mapiritsi, ndi kusamalira wodwala wachiwiri amene ankagona m'galaja: galimoto yawo.

Inali ya mtundu uja wodya kuwiri, petulo ndi magetsi otchaja pakhoma. Anaigula atangopuma pantchito, n'kuiyendetsa miyezi yowerengeka, matenda n'kubwera. Malamulo ake anali awiri. Chingwe chotchajira chisachoke pasoketi, ndipo munthu wina asagwire chiwongolero, ngakhale ine amene anandiphunzitsa okha kuyendetsa.

"Izikhala yodzaza," ankatero. "Tsiku limene mwendo uwu udzandimvere, ndidzangolowa n'kumapita."

Choncho m'mawa uliwonse ndinkaipukuta fumbi n'kukapereka lipoti kuti chingwe chili m'malo mwake. Ndinali nditatopa nayo, sindinama. Nthawi zina ndinkaiyang'ana n'kuganiza kuti m'nyumba muno wosamalidwa bwino ndi iyeyu.

Lachitatu lina ndikuyanika zovala, msuweni wanga anaimba foni kuchokera kuchipatala. Mayi ake, azakhali anga, amene analera bambo makolo awo atamwalira, anali atasiya kudya ndipo ankangoitana mlongo wawo. Adokotala anati amene akufuna kuwaona abwere lero.

Bambo anamva ali pampando wawo wapazenera. Kenako anati, "Nditengere jekete. Ndi kiyi."

Ndinangoti kukamwa yasa. Miyezi yonseyi ndikuwanyengerera kuti atuluke, lero atuluka okha.

"Uyendetsa ndiwe," anatero akuyang'ana kumbali. "Koma ndikwerera m'galaja momwemo, chitseko chotseka."

Ndinawaveka nsapato, ndinawagwira mkono mpaka tinafika m'galaja. Ndinadina batani la pakiyi. Zii. Ndinadinanso, ndinayandikira, ndinakweza dzanja m'mwamba ngati mwana wofuna kuyankha funso m'kalasi, koma chitseko osatseguka, nyali osaphethira. Ndinati ndichotse chingwe, nachonso chinali chitaluma, osasunthika.

"Bambo, tiyeni tiitane takisi."

"Ayi."

"Ifika pompano. Tikafika masana asanakwane."

"Kuti mnyamata wosandidziwa azindinyamula ngati thumba, anthu akuonerera? Galimoto ndili nayo. Yodzaza. Itana amakaniko."

Ndinapsa mtima, koma kukangana ndi bambo anga n'kutaya malovu. Ndinawaikira mpando wapulasitiki pambali pa galimoto n'kuimbira amakaniko awo akalekale, amene aliyense amangowatchula kuti a Sipanala. Anati ali pansi pa lole ina, akangotuluka abwera. Wamakaniko akati akubwera, munthu ukhoza kumeta tsitsi n'kumeranso.

Tinadikira. Msuweni anaimbanso, ndinati tili m'njira. Ndinawauzanso bambo za takisi, anangogwedeza ndodo. Anakhala tsonga mu jekete yawo, imene tsopano inali kuwakulira m'mapewa, maso ali pagalimoto ngati akuyembekeza kuti ichita manyazi.

A Sipanala anafika dzuwa litapendeka, atanyamula kabokosi kokhala ndi zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda. Anapereka moni wautali, anasolola kakiyi kachitsulo kobisika m'kati mwa kiyi yodinayo, n'kutsegula chitseko ngati cha galimoto yakale.

"Yakhala nthawi yaitali bwanji osayenda, akuluakulu?"

"Koma imatchajidwa tsiku lililonse," bambo anayankha mokalipa.

"Batire lalikululo, inde, ladzaza mpaka pakhosi. Koma muli kena kakang'ono, konga ka galimoto wamba. Ndi kamene kamatsegula zitseko n'kudzutsa lalikululo. Iyi yanuyi ikadzaza imasiya kukoka moto, koma chingwe chili pomwepo sigona tulo, imangodya kabatireko pang'onopang'ono. Kamafuna galimoto izilizidwa, iziyenda."

"Ndiye kuti kutchaja konse kuja…" ndinayamba ine.

"Munkadyetsa wokhuta kale, chemwali, wanjala akuonerera," anaseka a Sipanala. Ataona kuti akuseka okha, anatsegula boneti.

Ndinaganiza za masiku onse aja ndinkagwada m'mawa ndi kansalu, ndipo ndinalibe ngakhale mphamvu yokwiya. Ndinangotsamira khoma.

A Sipanala anali akufunafuna pomanira chingwe chofiira pamene foni inalira m'thumba la epuloni yanga. Ndinatuluka nayo panja, pafupi ndi zovala zomwe ndinasiya theka zili m'beseni. Msuweni sananene zambiri. Anati azakhali anafunsa ngati geti la chipatala likadali lotsegula, kuti mwina mlongo wawo amutsekera kunja, kenako anagona osadzukanso.

Nditabwerera m'galaja ndinapeza nyali zonse zikuwala, wayilesi ikuimba nyimbo imene bambo anaisiya tsiku lomaliza kuyendetsa, chingwe chitamasuka chili pansi. A Sipanala anali akupukuta manja monyadira.

"Yadzuka! Koma musaizimitse msanga. Muyende nayo ndithu kanthawi, apo ayi mawa mundiitananso. Kabatireko n'kofunika kusintha."

Bambo sanali kumvetsera. Ankayang'ana nkhope yanga, ndipo ine ndilibe nkhope yodziwa kubisa. Mawu anali atafika pakamwa, aja akuti zengerezu analinda kwawukwawu, akuti takisi ija bwenzi itatifikitsa kalekale. Ndinawameza. Munthuyo ankadziwa kale, ndipo kumuuza kukanangokhala kumenya wogwa.

"Apita?" anafunsa.

"Apita, bambo."

A Sipanala anavula chipewa, anazimitsa wayilesi, n'kutolera zingwe zawo mwakachetechete.

Ndinaganiza kuti bambo anena kuti ndiwabwezere kumpando wawo wapazenera. M'malo mwake anakanikiza ndodo pansi, anadzuka okha movutikira, n'kuyamba kukoka mwendo kulowera kuchitseko cha galaja. Anachikankha ndi phewa. Kunja kunali amayi oyandikana nafe akusesa pageti pawo, ndi anthu ena obwera kuntchito. Onse anacheuka.

"Itulutse," anatero. "Ndikwerera kunja kuno."

Ndinaitulutsa. Anayenda mtunda wonse wa pabwalo anthu akuona, phazi likukhukhuluza pansi, ndipo palibe anaseka. Amayi aja anangoti, "Mwaswera bwanji, bambo? Takusowani," n'kuwagwirira chitseko. Ndinawamangira lamba chifukwa dzanja limodzi silikanatha.

Galimoto ija ikamayendera magetsi siichita phokoso. Ya petulo bwenzi itatithandiza, injini ikuphimba zina. Iyi inkangoseseleka phee mumsewu, ndipo ndinkamva zonse: mpweya wa bambo ukudukaduka, kumeza kwawo, jekete ikukhuzana ndi lamba pamene ankapukuta m'maso ndi dzanja labwinolo. Ndinayang'ana kutsogolo ngati sindikumva.

Titayandikira chipatala ndinayatsa nyali yokhotera. Bambo anaika dzanja pa mkono wanga.

"Pitirira kaye. Amakaniko anati iyende kanthawi."

Ndinazimitsa nyali ija n'kudutsa geti, limene linali lotsegula mbali zonse ziwiri. Bambo analiyang'ana mpaka khosi linakana kutembenuka.