Manja a Tsabola

Mtsikanayu kwawo ankamutcha Tsabola, ndipo dzinali sanalitole panjira. Ankaphunzira kumasulira chinenero chamanja potsatira mayi wina wokhwima pantchitoyi, amene aliyense ankangowatcha Amayi a Zakuda poti sankavala mtundu wina, ati kuti zala zizioneka bwino. Lamulo lawo linali limodzi: chilichonse chotuluka pakamwa pa munthu chipite m'manja, chokoma ndi chonyansa chomwe, womasulira osathirapo ndemanga. Tsiku limenelo mayiwo anati aone ngati Tsabola wakhwima moti n'kumayenda yekha.

Anaitanidwa kusukulu ina, mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, kachipinda kodzaza makatoni a choko ndi mipando yothyoka. Munali bambo wosamva, wowotcherera zitsulo, manja ake ali zipsera zokhazokha, ndi mlongo wake atapakata chikwama. Mwana wamkazi wa bamboyo ankalephera kuwerenga, ndiye azakhaliwo ankafuna kumutenga kuti akakhale naye kutali.

Amayi a Zakuda anaima pambali pa aphunzitsi n'kuyamba. Mikono italema, anamugwira Tsabola paphewa kuti apitirize, iwo n'kukhala pansi.

Poyamba zinkayenda. Chimene chinkamunyansa Tsabola n'chakuti panalibe woyang'ana bamboyo. Aphunzitsi ankangoti "muwauze," "muwafunse," ngati mwini nkhani ali kutsidya. Kenako azakhali anaweramira kutsogolo n'kutsitsa mawu.

"Izi zokha musawauze achimwene. Mwana angaphunzire bwanji m'nyumba ya zii? Bola mayi ake akanakhala moyo. Munthu wotere kulera mwana yekha n'kumulakwira mwanayo."

Tsabola anapsa mtima mpaka makutu kutentha. Manja anagwa okha, pakamwa n'kutseguka. Anawafunsa azakhaliwo ngati pazaka zonsezi anavutikapo kuphunzira ngakhale moni wamanja. Anati kusamva si kupusa, ndiponso alipo akumva ambirimbiri amene ana awo sadziwa n'kulemba dzina lomwe. Azakhali anabweza kuti kamtsikana kadzulodzulo sikangawaphunzitse za banja lawo. Aphunzitsi nawo analowererapo, atatu onse pakamodzi ngati pamsika, ndipo Tsabola, tisabise, ankamva kukoma. Nanga si zimene ankanenazo zinali zoona?

Tebulo linalira. Bamboyo anali atalimenya ndi chikhatho, maso ali psu, ndipo sankayang'ana mlongo wake ayi, ankayang'ana Tsabola. Nthawi yonseyi iye ankangoona milomo ikuphiriphitha pa nkhani ya mwana wake, pamene munthu amene anabwera kudzamuuza anali atagwira m'chiuno.

"Ondilankhulira ndili nawo ambiri," anatero ndi manja, akuloza mlongo wake. "Uyu ndi mmodzi mwa iwo. Inu mwabwerera chiyani? Wati chiyani mlongo wangayu?"

Tsabola anacheukira Amayi a Zakuda kuti amuombole, koma mayiwo sanagwedeze n'chala chomwe. Ndiye anakweza manja n'kupereka mawu onse a azakhali, kuyambira pa "musawauze" pomwe paja. Nkhope nayo inayenera kunyoza monga ananyozera mwini mawu, poti m'chinenerochi nkhope imasenza mbali yaikulu ya nkhani. Zinamuwawa kwambiri kunyoza ndi manja ake munthu amene amamuikira kumbuyo.

Bamboyo anaonerera mpaka pamapeto, osaphethira. Kenako anatembenukira kwa aphunzitsi n'kuyamba kuyankha mosapupuluma, ndipo Tsabola ankatulutsa mawuwo pakamwa monga mwa ntchito, ngati ndi ake.

"Mwana wanga sapita kulikonse. Ngati akulephera kuwerenga, tikhale pansi ine ndi inu aphunzitsi, mundiuze chochita, ndichita. Iwe mlongo wanga, ukakhala ndi mawu uzindiuza pamaso."

Manja a zipsera aja anaima pang'ono, kenako anapitiriza. Tsabola anawawerenga bwinobwino, sanaphonye kanthu. Onse ankadikira mawuwo.

"Ndipo tikadzakumananso," anatero Tsabola momveka bwino, "mtsikana womasulirayu asadzabwere."